Chingwe cha pa Chitoliro cha Agogo

LACHITATU

Amalume Gerishon 09:14
ndiye loweruka ukubwera ku Magaleta eti? agogo ako aZefaniya akungofunsa za chitoliro chawo, akuti amve mmene waphunzirira

Loveness 09:31
ndibwera amalume. koma ndithandizeni kaye, ndili mu shop kuno ku Blantyre

Loveness 09:32
📷 chithunzi
awa ndi ma ligature, tomangira kabango pa mouthpiece, mbali yoika pakamwa ya clarinet ya agogoyo. kena kachitsulo kena kachikopa. nditenge kati?

Amalume Gerishon 09:40
ine ndimadziwa za mbatatesi ndi manachesi mwana iwe kkkk. sipaja bambo amamanga ndi chingwe?

Loveness 09:41
ndinachotsa. a mu band ya ku tchalitchi amandiseka, akuti ndamanga ngati mtolo wa nkhuni

Amalume Gerishon 09:43
ndiye panopa pali chani?

Loveness 10:26
amalume musakwiye pls

Loveness 10:28
kachitsulo ndinagula kale kena last week. kamangoterereka coz mouthpiece ya agogo ija ndi yagalasi. ndinalimbitsa screw, kuterereka. ndinalimbitsanso. ndinangomva kuti the! kung'aluka

Loveness 10:28
📷 chithunzi

Amalume Gerishon 10:35
Mulungu wanga. mng'alu umenewo?

Amalume Gerishon 10:36
chinthu chinachoka ku Joni 1954, chinayenda pa sitima, chinapulumuka ana asanu ndi awiri ndi mbuzi zomwe. iwe miyezi itatu yokha

Loveness 10:39
ndikudziwa. chakudya sichikulowa chichitikireni. kulira chikulirabe koma mpweya ukutuluka pambali. a mu shop akuti pa galasi pamafunika chofewa, kachikopaka kabisanso mng'aluwo

Amalume Gerishon 10:41
kabisa. ndiye wandifunsa kuti tibisire limodzi?

Amalume Gerishon 10:52
nanenso ndili ndi mlandu. ndine ndinawanyengerera kuti akubwereke, iwo amakana

Amalume Gerishon 13:05
imba uwauze wekha

Amalume Gerishon 16:20
Loveness

LACHINAYI

Loveness 07:48
sry dzulo. ndinayesa kuimba kawiri, ndimadula isanalowe. auzeni ndinu amalume chonde, mawu awo sindingawapirire

Amalume Gerishon 11:02
ndawauza. ndimayembekeza ndodo koma aseka. mvera wekha

Amalume Gerishon 11:03
🎤 uthenga wa mawu 1:12
"Yayamba kujambula? Ehe. Loveness, mkazi wanga wamng'ono, ndamva waswa galasi. Usalire ayi. Galasilo ndinagula kwa mzungu wina wa bandi ya ku mgodi, munthu woledzera, dzina lake ndinaiwala kalekale. Tidzamata ndi phula. Kachitsuloko nanenso ndinali nako, kamaterereka chomwecho, ndinakataya ku Joni komweko. Galasi silifuna chitsulo. Nditabwera kudzakwatira mu fifite folo, agogo ako aStelia anaona ndikuvutika, anatenga thonje n'kupota pantchafu, n'kupaka phula la njuchi. Chikatha, ankapota china. Chimene chilipocho ndi chomaliza, anapota akudwala kale, manja akunjenjemera. Ndiye usagule kanthu, usataye nthawi m'masitolo. Ungobwera nacho chingwecho, ndikuonetse kamangidwe kake. Umazunguliza khumi ndi kawiri, osamanga mfundo. Basi. Gerishon, zimitsa."

Amalume Gerishon 11:06
zoti anapota ndi amayi ine sindimadziwa. zaka zonsezi ndimangoti ndi chingwe

Amalume Gerishon 11:07
ndiye usagule, wamva? onse awiri uwasiye

Amalume Gerishon 11:40
wamvera?

Loveness 12:55
ndamvera katatu

Loveness 12:57
amalume sindinamasule. chinali cholimba ndi phula, anzanga akundiyang'ana. ndinadula ndi lezala

Loveness 12:58
ndinataya mu bin ya ku tchalitchi. zinyalala anaotcha lolemba

Loveness 13:20
amalume

Loveness 14:02
nenani chilichonse, ngakhale kunditukwana

Amalume Gerishon 15:47
bambo andituma kwa aLaimoni a ming'oma ya njuchi kukapempha phula. akuti chingwe cha amayi chikhala chitauma, adzachipake chifewe ukafika nacho

Amalume Gerishon 15:49
phulalo ndatenga. ndaima kuseri kwa nkhokwe, akundiitana

Amalume Gerishon 15:50
ndiwauze chani?