Nsalu Imene Anakusokera

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga. Kodi msana uja wasiya kukuvuta, kapena ukungoumirirabe ntchito monga mwa khalidwe lako? Kuno tadzuka bwino. Mwana wako Kasingano ali bwino m'thupi, wakhoza mayeso ndipo watalika mpaka kundifika m'khutu.

Sukulu tinatsekera Lachisanu lapitalo. Ukudziwa kuti chaka chikamatha timakhala ndi chikondwerero chija makolo amadzaza bwalo, ana n'kumaimba ndi kuonetsa ntchito za manja awo. Nkhani yanga yachokera pamenepo. Ndaona kuti ndikuuze ndekha usanaimve kwa ena.

Ulusi uja unatumiza unafika. Kasingano anautenga n'kuyamba kukusokera nsalu ya patebulo, yoyera, ya maluwa m'makona. Miyezi itatu yathunthu, akangoweruka ankakhala pakhonde singano ili m'manja, anzake akusewera mpira. Duwa likapindika pang'ono ankalimasula n'kuyambiranso. Tsiku lina anadzibaya chala, kadontho ka magazi n'kugwera pansalu. Analira, kenako anasokapo duwa lina lofiira kuti libise kadonthoko. N'chifukwa chake kona imodzi ili ndi maluwa asanu pomwe ena ali ndi anayi.

Anandiuza kuti nsaluyo ndi ya amayi ake, ndisaionetse munthu. Ndinavomera.

Koma iwe ukundidziwa, mtima wofuna kutamidwa sunandichoke. Ine ndiye mphunzitsi wa zosoka, ndipo tebulo langa la chionetsero linali lomvetsa chisoni: timatumba topindika, timipango tokhala ngati tatafunidwa ndi mbuzi. Ndinamunyengerera mwana kuti andibwereke nsaluyo mpaka tsiku la chikondwerero basi. Ndinalumbira kuti tsikulo dzuwa likamalowa idzakhala ili m'manja mwake. Anaipinda yekha, kuikulunga m'pepala, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Lachinayi tikukonza matebulo anatulukira ahedi, ali ndi wapampando wa komiti ya makolo. Ahedi ataona nsaluyo anaima. Pasukulu pano chinthu chokongola kuposa zonse chimaperekedwa kwa mlendo wolemekezeka, ndipo mwana amene wachipanga amakwera pansanja kukapereka, n'kujambulidwa naye. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe, koma kunyada kunanditseka m'maso.

Ndinawauza kuti nsaluyo ili ndi mwini wake. Ahedi anaseka, nati chilichonse chimene chafika patebulo la sukulu ndi cha sukulu. Kenako ananditengera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti zingakhale bwino akaipereke mwana wa wapampando, poti bambo ake ndi amene anabwereka matenti ndi zokuzira mawu. Anati pakapepala ka pansalupo ndilembe dzina la mtsikanayo. Anandikumbutsanso, akumwetulira, kuti ine sindine mphunzitsi wolembedwa ndi boma, ndipo komiti ikumana sabata yamawa kukambirana za amene apitirize ntchito chaka chamawa.

Mng'ono wanga, palibe anandigwira dzanja. Ndinatenga cholembera ndekha. Ndinalemba dzina la mwana wa eni ake ndi zilembo zanga zokongola zija unkandisirira tili ana, mpaka ndinajambulira kamzere kunsi kwake. Nditafika kunyumba ndinaphika, tinadya, ndipo sindinamuuze kanthu Kasingano. Anandifunsa ngati anthu aikonda nsaluyo, ine ndinati aikonda kwambiri.

Lachisanu kunacha ndi phokoso. Makalasi anawapaka laimu mbali yoyang'ana kumsewu yokha. Maluwa a m'zitini tinabwereka kwa oyandikana nafe. Ana opanda nsapato anawaimika kumbuyo kwenikweni, kumene kamera siifika. Mlendo wolemekezeka tinamuyembekezera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo, ana akupsa, awiri mpaka anakomoka. Atafika analankhula nthawi yaitali za kukhulupirika.

Kasingano anali m'kwaya, mzere woyamba, kuyang'anizana ndi nsanja. Ahedi analengeza za mphatso, natchula dzina lija. Mtsikana wa wapampando anakwera atanyamula nsalu. Iyeyo sindimuimba mlandu. Ndi mwana amene mpaka lero satha kulowetsa ulusi pasingano, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti akufuna nthaka imumeze.

Anaitambasula nsaluyo kuti anthu aione. Azimayi analulutira, bwalo lonse kuwomba m'manja, wapampando akugwedeza mutu ngati wasoka ndi iye. Pomwepo woimbitsa anakweza dzanja kuti kwaya iyambe nyimbo yothokoza. Mwana wako anaimba, mng'ono wanga. Anaimba nyimbo yonse osaphonya liwu, maso ake ali pa ine. Ine ndinkawombanso m'manja.

Pa nthawi ya chakudya ndinali m'gulu loperekera alendo. Nsalu ija ndinaipeza atayala pakatebulo m'ofesi ya ahedi, ataikapo mabotolo a zakumwa. Mlendoyo anapukutira zala zamafuta pakona ya maluwa asanu ija. Ponyamuka anatsala pang'ono kuiiwala, dalaivala wake ndiye anaikwinya n'kuiponya kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi tayala.

Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ine manja ndinachenjera ndithu, koma ndamudyera masuku pamutu mwana amene unandisiyira ali ndi zaka zisanu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndamusambitsa, ndamubereka kupita naye kuchipatala, ndamuphunzitsa kugwira singano. Ine amene Mulungu sanandipatse wangawanga ndinkayenda modzitama anthu akamati mwana wa aphunzitsi uyo.

Ndinkayembekezera kuti alira kapena anditukwana, ndipo zikanandipepukira. Sanatero. Anafika kunyumba, kuvula yunifolomu, kutsuka mbale. Kenako anatenga kachitini kake ka masingano ndi ulusi wotsala n'kukaika patebulo langa, pambali pa makope ochonga. Nditayesa kumufotokozera za ntchito ndi za komiti, anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, ndipo anati ndamva, aphunzitsi.

Kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso kuti amayi aakulu. M'mawa amati mwadzuka bwanji aphunzitsi. Ndikamupatsa chakudya amati zikomo aphunzitsi. Amagwira ntchito zonse, sachita mwano, moti ndilibe pomudzudzulira. Ndinagula nsalu ina yoyera ndi ulusi kuti tisokere limodzi. Anati manja ake aiwala.

Komiti inakumana dzana. Ntchito andionjezera chaka china. Ahedi anandigwira chanza, nati chikondwerero cha chaka chino chinali chosaiwalika, ndiyambiretu kukonzekera mphatso ya chaka chamawa. Ndinathokoza. Ndadzida ndekha, ndawadanso anthu amenewa ndi matenti awo, koma madzi akatayika saoleka.

Dzulo Kasingano anandipempha envulopu ndi adilesi yako. Sindinamufunse zimene walemba, ndikuzidziwa. Kalata yake ikakupeza, chonde usamukalipire, ndipo usamulamule kuti andikhululukire. Akakupempha kuti umutenge, mutenge, ngakhale kanyumba kanu n'kakang'ono. Ine nyumba ino idzandikulira, koma kuli bwino akagone mothithikana kumeneko kusiyana ndi kukhala mlendo m'nyumba imene anakuliramo.

Chimodzi chokha ndikupempha. Akafika, umufunse za nsalu ija, akufotokozere duwa lililonse, ndipo umuthokoze ngati kuti waigwira m'manja. Inali yokongola, mng'ono wanga. Sindinaonepo mwana wa msinkhu wake akusoka chotero.

Undiperekere moni kwa alamu ndi kwa azakhali ngati umawaonabe. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pantchito yako.

Ndine mkulu wako,
amene mwana wako akumutcha aphunzitsi.