Galu Amene Tinalibe

LACHIWIRI

Asisi 10:12
ndiye adokotala ati chani kwenikweni? usandizungulire

Mzime 10:15
katoni inandigwera kuntchito ija sinaswe chilichonse. koma pa scan aona kanthu mkati mwa mutu, kumanzere. akuti kanalipo kale

Asisi 10:15
kanthu ngati chotupa?

Mzime 10:16
sakudziwa. scan ina lachisanu. amayi musawauze kaye plz

Asisi 10:17
[missed call]

Mzime 10:19
ndili pa till

Mzime 13:04
asisi, nyumba tinakulira kuseri kwa garaja ija, chitseko cha bafa tinkatseka ndi msomali eti?

Asisi 13:06
eya, wokhota. bwanji?

Mzime 13:07
ndawerenga pa google kuti ena amayamba ndi kuiwala. ndikudziyesa

Asisi 13:07
siya google iwe

Mzime 13:11
[voice note 0:48]

Asisi 13:15
ndaseka mpaka abwana acheuka kkk. eya, malemu adadi ankatimeta pakhonde ndi sizasi yosokera ya amayi. iwe nkumalira asanakukhudze nkomwe

Mzime 13:16
komanso wailesi ija inkalira pokhapokha tikaimenya kumbali

Asisi 13:16
ukukhoza zonse. mutu uli bho

LACHITATU

Mzime 09:30
diresi yanga ya pa chithunzi cha kusukulu inali ya yellow?

Asisi 09:41
eya

Mzime 09:42
nanga kagalu kathu kakuda kankagona pansi pa sink?

Asisi 09:42
eya kokongola kaja. waona? palibe chomwe waiwala

Mzime 09:50
asisi

Mzime 09:50
sitinakhalepo ndi galu. adadi ankayetsemula akangomuona patali

Mzime 09:51
ndangopeka kuti ndione ngati mukungovomera

Asisi 09:52
[missed call]

Asisi 09:55
pepa. ndili ndi mantha iwe. sindimafuna kukuwonjezera nkhawa

Mzime 12:20
amayi sindingawafunse, adabwa. wokumbukira nyumba ija mwatsala ndinu nokha. mukamandinamiza, ndidzadziwa bwanji kuti zayamba?

Asisi 12:22
[voice note 0:09]

Asisi 16:40
wamvera?

LACHINAYI

Asisi 07:05
ok, chilungamo. msomali wakhoza. sizasi wakhoza. wailesi wakhoza, koma womenya ndinali ine, iwe sunkafikira

Asisi 07:06
diresi inali ya pinki. ndipo inali yanga

Mzime 07:20
ndiye kuti zayamba

Asisi 07:21
ayi mwana iwe. bodza la diresi unaliyamba uli ku primary. tinakangana mpaka amayi anabisa chithunzicho pamwamba pa wardrobe. limeneli si la scan, ndi lako lobadwa nalo

Mzime 07:25
kkkk ndikulira pa stage ya minibus anthu akundiyang'ana

Mzime 07:26
koma inali ya yellow

Asisi 07:26
pinki

LACHISANU

Mzime 10:48
ndili pa benchi, andiveka gown yotsegula kumbuyo. mukadzaona kuti ndayamba kusokoneza mudzandiuze straight

Asisi 10:49
ndidzakuuza. ngakhale udzakwiye

Mzime 10:53
andiitana. foni akuti ndisiye panja

Asisi 10:58
pali china chomwe sungakumbukire olo mutu uli bwino. tsiku unabwera kunyumba uli khanda, adadi anakugwira mutu wonse ndi dzanja limodzi. ndinalipo ine

Asisi 10:59
zimene udzaiwale ndizikusungira ngati chimenechi

Asisi 12:31
watuluka?