Kuziziritsa Nangozo

Lolemba, 19 Okutobala 1987

Zatsimikizika basi. Lolemba likubwerali ndiwaperekeza ababa ku chipatala chachikulu ku Blantyre. A Kalisto a pachipatala chathu chino akuti mphumu imeneyi yawakanika. Akuti, "Clara, fumbi lisawafike olo pang'ono, mawindo ukatseke." Nditseke? Okutobala uno? Kuno kumapiri bola, koma tikangotsikira ku Lisungwi galimoto imasanduka uvuni. Ndikatseka aphikika, ndikatsegula abanika. Nanga nditani ine!

Ndiye Nangozoyo, galimoto yawo ya mtundu wa Zefa yokalamba kuposa ine, salola kuti munthu aisinthe olo kabawuti. Kuyendetsa anandiphunzitsa okha. Kusintha ndiye ayi, "akhale mmene anabwerera."

Lachiwiri, 20 Okutobala

A Lameki amakaniko ali ndi makina oziziritsa mpweya! Anachotsa m'galimoto ina yatsopano imene inagubuduzika dzinja lapitali. Ndawafunsa ngati angabisike. Akuti, "Mayi, olo mfiti singaone."

Ababa ndawauza kuti tikukaonetsa mabuleki. Angogwedeza mutu ali pamphasa, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka.

Lachinayi, 22 Okutobala

Masiku awiri m'girisi. Ndinabwereka ovololo n'kumanga chitenje pamwamba. Atcheyamani atadutsa ndi makadi awo a chipani ndinakwawira kunsi kwa galimoto, ovololo nayonso ndi buluku eti, loletsedwa kwa akazi, angandinenere. A Lameki kuseka mpaka kutsamwa.

Kabokosi kosungiramo tinthu kakutsogolo kaja tachotsa zam'kati zonse, tasiya chitseko chokha, makina tabisa mmenemo. Swichi kunsi kwa chiwongolero. Taboola mabowo awiri. Poboola ndinayang'ana kumbali, zimakhala ngati akuboola ine.

Koma titayatsa, abale! Juni weniweni wa ku Dambe m'galimoto! Ndinakuwa. Kunja osaoneka kanthu, Nangozo yemwe uja.

Lachisanu, 23 Okutobala

Zavuta. Zavutiratu.

Ndikulowa pabwalo, ababa ali pakhonde. Injini ndisanazimitse n'komwe, akuti, "Lamba wachiwiriyo wachokera kuti?" Ndi khutu lokha! Anadzuka pang'onopang'ono, kulowa, kutsegula kabokosi. Mapayipi okhaokha. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Mpango wa amako uli kuti?"

Mayo. Mpango wakumutu wobiriwira uja amayi anasiya mmenemo pa ulendo wawo womaliza. Zaka zitatu uli momwemo. Ine ndi phuma langali ndinangokhuthulira zonse pabenchi la a Lameki.

Ndathamanga osaima. Ndaupeza pansi, bii, a Lameki akhala akupukutira manja. Akuti, "Pepani mayi, ndimayesa kansanza."

Loweruka, 24 Okutobala

Sabata. Sakundiyankhula. Atuma mwana wa aneba kudzandiuza, ndili pakhomo pomwepo, kuti akwera lole ya mbatata. Pamwamba pa matumba, fumbi lonse lija! Sakafika ku Zalewa amenewa.

Lamulungu, 25 Okutobala

Ndachapa mpango. Sopo, madzi otentha, ndimu, kubwerezabwereza mpaka zala kusupuka. Wayera, maluwa ake kuonekanso. Ndasita. Ndawapatsa chogwada, ndikuyesa ndakonza mlandu.

Analandira, kuutengera kumphuno.

"Wachapa."

Basi, mawu omwewo. Apo ndi pamene zinandilowa. Nthawi zonse zija amakhala m'galimoto okha injini yozima, ine ndimayesa akumvera wailesi. Amatsegula kabokosi kuti amve fungo la mafuta a tsitsi a amayi. Girisi anaphimba, ine ndamalizitsa ndi sopo. Fomu folo yanga yonseyi, uchitsiru okhaokha.

Ndalira kuseri kwa khola. Masana abanika kawiri. Mawa sindidziwa.

Lolemba, 26 Okutobala

Ndikulemba pabenchi la chipatala.

Lole sinabwere, akuti yafa ku Magaleta. Ababa anakhala pamsewu ndi chikwama chawo mpaka dzuwa kukwera, ine Nangozo ndamuimika chapafupi. Kenaka anangodzuka n'kulowa. Windo kutsegula lonse. "Chako chija usayerekeze."

Kumapiri zinali bwino. Titatsika, kutentha ngati wina watsegula ng'anjo. Thirakitala patsogolo, fumbi lofiira kobo, msewu wopapatiza, kupitirira kosatheka. Anayamba kutsokomola, kenaka kulira kwa kamphaka kuja. Anatseka windo okha. Thukuta kamukamu, milomo ikuda, mapewa akukwera ndi kutsika. Dzanja langa pafupi ndi swichi, koma osakhudza. Ndimangoti, "Ababa, chonde. Ababa."

Sanandiyang'ane. Anatulutsa mpango m'thumba la jekete, kutsegula chitseko cha kabokosi, kuupanikiza pakona kuti ulendewere potulukira mpweya.

"Yatsa."

Ndinayatsa. Mpango unayamba kupepeluka, kumawakhudza pachibwano. Anatsamira, maso otseka. Ine kuyang'ana msewu, kuyang'ana chifuwa chawo, msewu, chifuwa. Kamphaka kaja kanayamba kuchepa. Ndimayesa agona.

Tikuyandikira ku Zalewa ndinangomva, "Ukuponda kwambiri iwe. Mwamusenzetsa katundu wachilendo ndi ukalamba wakewu, ndiye muyendetse mwaulemu." Ndinachepetsa. Misozi mbwembwembwe, msewu osauona bwino.

Panopa ali mkati ndi adokotala, sanatulukebe. Polowa anabwerera pakhomo, namwino akuwakoka, n'kundiponyera mpango pamiyendo. Wonyowa ndi thukuta lawo.

"Gwira. Usachapenso."