Satifiketi ya Azakhali

Lolemba, 3 Marichi

Kwagwa zazikulu pa gulu lathu la pafoni, lija la ife osindikiza makadi ndi mapositala. Azakhali akuti Lamulungu akutuluka pagulupo. Azakhali! Mayi amene tonse timathamangira kwa iwo pulogalamu yokonzera zithunzi ikativuta, ndipo palibe amawalipira. Akuti atopa. Munthu amafunsa, iwo n'kumuyankha bwinobwino, iye n'kufufuta funso lake kuopa kuoneka mbuli. Ndiye mayankho awo amatsala okha ngati munthu wolankhula yekha pamsewu. Ngakhale zikomo, ayi. Mtima wandiwawa.

Lachiwiri, 4 Marichi

Ndagwirizana ndi Wamabaji, mnzanga wa pagulupo: tikonze satifiketi ya ulemu, tikawapatse Azakhali Loweruka kushopu kwawo. Ndapempha anthu mwamseri atumize zithunzi za ntchito zimene Azakhali anawapulumutsira. Mkazi wanga akuti ndikuchita jijirijijiri ngati ndikukonza ukwati.

Lachinayi, 6 Marichi

Ee, zithunzi zikungokhuthuka! Makalendala, makadi a ubatizo, chikwangwani cha saluni. Kani anthuwa amayamikira chamumtima. Ndaziyala zonse mozungulira mawu a satifiketi. Yakongola, sindikunama.

Lachisanu, 7 Marichi

Fayilo yapita kwa Wamabaji, pirinta yake ndi yabwino kuposa yanga. Aika yekha m'felemu n'kukulunga.

Loweruka, 8 Marichi

Lero ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Tinadzaza shopu yawo, ena kuima pakhomo. Ambiri tinali tisanawaonepo Azakhali: mayi wamfupi, magalasi a chingwe, inki m'zala. Ndinalankhula timawu tanga, iwo n'kumasula pepala lokulungira lija.

Mayo ine! Mawu analipo, koma pa zithunzi ponse panali timabokosi topanda kanthu. Kani kwa Wamabaji ndinatumiza fayilo yokha, zithunzi zinatsala mu kompyuta yanga. Wamabaji akuti, "Ine ndimayesa ndi sitayilo yatsopano!"

Azakhali anaseka mpaka kukhala pa katoni ya mapepala. "Ana inu! Gulu lonseli, wodziwa kutumiza fayilo ndi zithunzi zake palibe?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma mayi amene anakonza chikwangwani cha saluni chija anatulutsa foni, kuloza kabokosi kamodzi: "Apa, Azakhali, panayenera kukhala chikwangwani ichi. Popanda inu kasitomala akanandithawa." Wina naye, wina naye, aliyense kabokosi kake ndi nkhani yake. Azakhali anasiya kuseka, n'kumangopukuta magalasi.

Za kutuluka sananene kanthu, inenso ndinaopa kufunsa.

Lamulungu, 9 Marichi

M'mawa ndinawalembera Azakhali kuti ndisindikiza satifiketi ina yabwino. Zii. Mpaka nthawi ya nkhomaliro, maso ali pa foni.

Masana ano foni yalira. Chithunzi pagulu: satifiketi ija ili pakhoma, pamwamba pa pirinta yawo, timabokosi tili mbee. Pansi alemba kuti: "Iyi isasinthidwe, ndi yanga. Mawa madzulo phunziro la katumizidwe ka fayilo, nonse. Iwe wokonza satifiketi ukhale kutsogolo."

Ndakuwa mpaka mkazi wanga wataya supuni.