Manja Awiri a Mwayiwathu

Lolemba, 3 Novembala
Maola khumi ndi awiri kunyumba ya okalamba. Msana ngati ndasenza matumba a chimanga. M'basi yobwerera kunyumba ku Edmonton, kuno ku London, ndamvera mauthenga a mwana wanga Mwayi, asanu. Mwezi wachiwiri akuphunzitsa Chingerezi ku Seoul, nkhani ndi imodzi basi: Mangwon, Mangwon. Kadera kena kokhala ndi msika wautali wofolera, mtsinje chapafupi. Akuti m'malesitilanti tindiwo tapambali tikatha amakuwonjezera. Akuti foni ukaisiya patebulo umakaipeza. Ndayankha kuti chabwino. Mphamvu zolemba zambiri ndinalibe.

Lachinayi, 6 Novembala
Mvula. Ndasesanso chipinda chake, chosagonamo munthu. Anati miyezi isanu ndi umodzi yokha, Febuluwale abwerera. Ndikuwerenga masabata ngati wapakati.

Loweruka, 15 Novembala
Lero ndiye wandipsetsa mtima. Akuti kumsikako kuli mayi wina wachikulire wokazinga zitumbuwa zakumeneko, amamupatsa chimodzi chapamwamba tsiku lililonse. "Mum, kuno umalandira ndi manja awiri, n'kuwerama pang'ono. It's so beautiful." Byutifulu! Zaka makumi awiri ndakhala ndikuimba nyimbo yomweyo m'nyumba muno. Landira ndi manja awiri. Usapatse mkulu chinthu uli chiimire. Iye kumangokwinya nkhope, ati zachikale, ati kuno ndi ku London. Lero mayi wa zitumbuwa wamuphunzitsa m'sabata imodzi. Nsanje ndili nayo, sindibisa.

Lamlungu, 23 Novembala
Kutchalitchi ku Tottenham ndagona ulaliki uli mkati. Bwalya, mnzanga wa ku Lusaka uja, ndamudandaulira. Wangoseka: "Iwe, mwana ni mbuzi, udzu wa kwa neba ndiye wokoma." Sindinaseke nawo.

Lachiwiri, 2 Disembala
Chimene ndinkaopa chija. Sukulu yamupempha kuti awonjezere chaka chathunthu, ayankhe pofika Lolemba. Wapeza kale kachipinda ku Mangwon komweko, kotentha pansi, nsapato amavulira pakhomo. Akuti sasaina ndisanavomere. Ndivomere bwanji? Bambo ake kulibe, nyumba ili zii, ndikafika ndimalankhula ndi ketulo. Lamlungu ndimuuza mosapita m'mbali: Febuluwale ubwere.

Kuntchito ndathira shuga m'tiyi wa agogo osaloledwa shuga. Mwamwayi ndazindikira asanamwe.

Lamlungu, 7 Disembala
Waimba pavidiyo m'mawa, kwawoko dzuwa litalowa kale. Mawu anga ndinali nditawakonza. Koma anali kumsika, utsi, phokoso, n'kutembenuzira foni kwa mayi uja. Kamunthu kakafupi, epuloni yamafuta, manja otupa ngati angawa. Wandiweramira. Ine ndili pa sofa ndi duku lopotoka ndapezeka ndaimirira. Walankhula nthawi yaitali, mnzake wa Mwayi akumasulira. Akuti alendo amabwera ambiri, amatenga chakudya ndi dzanja limodzi maso ali pafoni. Koma Mwayi tsiku loyamba lomwe, asanadziwe ngakhale moni wawo, anatambasula manja awiri. Ndiye amafuna aone nkhope ya mayi amene anamulera.

Mwayi anangoyang'ana pansi. Tsiku loyamba. Ndiye kuti ankamva nthawi yonseyi, kamwana kouma mutu aka.

Anandifunsa za Lolemba. Ndinati saina.

Chipinda chija ndatseka. Mawa basi ya 6 koloko, ndipo yunifolomu sindinasite.