Magetsi Otsala a kwa Msakambewa

Kwa Msakambewa,
Dowa.

Okondedwa achimwene a Festus,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Joniko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tikudzuka. Bondo la amayi lija lasiya kuvuta, moti ayambiranso kupita ku chigwirizano wapansi.

Nkhani yaikulu ndi yakuti mapolo a magetsi afika m'mudzi mwathu. Adutsa kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo nyumba yathu talumikizitsa kale.

Koma mapanelo a sola munatigulira aja anatsala pang'ono kutibweretsera maliro. Dzuwa la kuno mukulidziwa. Lisanafike paliwombo mabatire amakhala atadzaza, magetsi enawo n'kumangopita pachabe. Amalume a Malizani zimenezi zinkawapweteka mtima. Ankati chimanga chikasefukira m'nkhokwe sutaya, umagawirako anansi.

Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinawapeza atatsamiritsa makwerero papolo, waya ali kumanja, atakwera kale mpaka pakati. Akuti amafuna kubweza magetsi otsalawo m'nthambo kuti akathandize anthu a ku Ntchisi! Ndinaponya khasu pansi n'kukuwa ngati ndaona njoka.

Mwayi wake, a Yoswa, amisiri a ku Bowe amene anatiikira mawaya m'nyumba, anali pantchito kwa a Susana, oyandikana nafe aja. Anathamanga n'kugwira makwerero, ndipo anawapempha amalume mwaulemu kuti ayambe atsika, nkhani ikambidwe pansi.

Anawauza kuti maganizo awo ngabwino, ndipo kwina anthu amachitadi zimenezo. Koma anati pamafunika chilolezo cha eni nthambo, invata yoyenera, ndi mita yowerenga magetsi olowa ndi otuluka omwe. Popanda izi munthu amapsera papolo pomwepo, kapena amapha wantchito amene akukonza nthambo kutali, akuyesa kuti zazimitsidwa. Amalume anakhala pamwala, thukuta lili kamukamu, n'kufunsa ngati ndiye tizingowaonerera magetsiwo akuwonongeka.

A Yoswa anati ayi. Anatiikira swichi yolekanitsa magetsi a sola ndi a m'mapolo kuti asamakumane. Kenaka anakokera waya kuchitsime n'kulumikiza pampu. Tsopano masana, mabatire akadzaza, magetsi otsala amakoka madzi kudzaza thanki, ndipo madziwo amatsikira okha kudimba. Achimwene, mukanaona tomato wake! Mpiru ndiye tikugawa kutchalitchi. Amayi a m'mudzi muno akutunga pampopi wathu, sakutsetserekanso chigwa chija ndi ndowa pamutu. Amalume adziika okha kukhala woyang'anira pampu, ndipo akuuza aliyense kuti nzeruzo zinali zawo.

Tsopano ndifike pamene pandilembetsa kalatayi. Ntchito itatha, a Yoswa sanasiye kubwera. Lero akuti adzaone swichi, mawa akuti pampu ikumveka mwachilendo, chonsecho pampuyo ili bwinobwino. Mapeto ake amayi anawafunsa ngati swichi ya kwathu kuno ndi yokhayo m'boma lonse la Dowa. A Yoswa, munthu wamkulu uja, anasowa poyang'ana.

Lamulungu lapitali, tikuchokera kopemphera, anandiuza mawu awo. Akufuna banja. Nawonso anaferedwa ngati ine, ali ndi mwana mmodzi wamkazi, Rakele, amene wazolowerana kale ndi ana anga. Samwa, ndipo sakweza mawu. Chimwalirireni bambo a ana anga sindinaganizepo kuti ndidzasekanso chonchi. Ndavomera, achimwene.

Amalume akuti unkhoswe augwira, koma ine mtima sukhala pansi inu kulibe. Munandilera ndinu bambo atatisiya. Chonde pemphani tchuthi mubwere tikakolola, mudzamuone nokha munthuyu, mudzamufunse zonse zimene mukufuna. Mukadzamukana ndidzamva, koma ndikudziwa kuti simudzamukana.

Mundiperekere moni kwa alamu a Thandiwe, kwa Dave ndi kwa Sharon. Amayi akuti musaiwale bulangete lija. Ambuye akusungeni kuntchito ndi m'misewu ya kumeneko, mpaka tidzakulandireni pa Mponela.

Ndine mlongo wanu,
Manesi