Nkhani ya Bulangete Lija

Cape Town,
Mwezi wa Julaye.

Okondedwa achemwali anga a Sellah,

Landirani moni wanga wochokera kuno kutali. Kaya muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Jonas ndi ana? Nanga msana uja wayamba kukumverani? Ndikudziwa kuti mwezi uno chiperoni chakuta minda yonse ya tiyi, ndipo inu mukulawirira ndithu uku mukunamizira kuti simukumva kuzizira. Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chandipeza, pakuti mphepo ya kuno ilibe ulemu ngakhale kwa munthu wokulira ku Thyolo.

Musadabwe kuti ndalemba pamanja ngati munthu wakale pomwe foni ilipo. Foni yanu ija si yanu nokha. Triza amaigwira, Ben amachitirapo magemu, alamu amamverapo mpira. Nkhani ili munoyi ndi ya inu ndi ine. Ndapatsira a Philip, aja amanyamula katundu wa anthu kuchoka kuno kupita ku Limbe, ndipo ndawatsindikira kuti akapereke m'manja mwanu, asakasiye pa golosale.

Sukulu ikupita kumapeto tsopano. Mayeso onse ndinathana nawo. Chatsala ndi chimodzi: lamulo la kuno likuti munthu savala gauni asanatulutse zotsatira za kafukufuku wake mu jenala. Jenala ndi magazini ya akatswiri okhaokha, ndipo imene ndinasankha ine ndi ya madokotala a matenda a maganizo. Mulibe zithunzi za ukwati kapena nkhani za mpira, moti alamu atayiona angoyatsira mbaula.

Kulemba pepala lake ndi ntchito, achemwali. Zimene ndinasonkhanitsa zinali zodzadza buku, koma iwo amaika malire a mawu, ukapyola makina awo amangokubwezera. Ndinadula mpaka mtima kuwawa. Buku lililonse limene watchula ulilembe kumapeto motsata dongosolo lawo, kadontho kakasochera akuti konza. Tsiku lotumiza, kompyuta yawo inandikana kangapo ati chifukwa dzina langa linatsalira pa tsamba lina, pomwe oyesa pepalalo sayenera kudziwa mwini wake. Nditatumiza ndinakagula nkhuku yootcha n'kudya ndekha ngati ndapambana kale.

Kenaka kudikira. Miyezi inadutsa ndikungotsegula imelo m'mawa uliwonse ngati munthu woonjola misampha. Yankho lafika mwezi wathawu, ndipo sanakane. Akuti ndikonze ndibwezenso. A Profesa anga, mayi amene amandiyang'anira pa maphunzirowa, anandigwira chanza n'kunena kuti jenala imeneyi mapepala ambiri imabweza osawerenga n'komwe, ndiye ine ndisangalale.

Pepalalo linaunikidwa ndi akatswiri awiri amene mayina awo sindiwadziwa. Zili ngati pa sikelo paja kalaliki amapisa dzanja m'dengu mwanu kufuna tsamba lokhwima. Woyambayo ndi munthu wa mtima wabwino. Wayamikira, n'kungodandaula kuti ziganizo zanga n'zazitali ngati ulaliki. Wachiwiriyo ndiye wandivundula mpaka pansi pa dengu. Sindikumuda ayi, walira mvula walira matope. Koma funso lake limodzi ndi limene landigwiritsa cholembera lero.

Mukukumbukira kuti kafukufuku wanga anali wa amayi othyola tiyi amene anadwala maganizo atangobereka. A Mildred, anamwino aja, ndiwo ankacheza ndi amayiwo pawokhapawokha, ndipo inu munali m'modzi mwa iwo. Chachikulu chimene tinapeza n'chakuti amayi a pa esiteti akadwala nthendayi sasiya ntchito. Kuchipatala mayi akabwera ndi khanda amamufunsa ngati akulephera kugwira ntchito zake, iye amayankha kuti ayi, ndipo sakunama. Basi amamulemba kuti ali bwino, n'kubwerera kumunda ndi katundu wake yense mumtima.

Wachiwiri uja sakukhulupirira. Akuti mabuku amanena kuti wodwala nthenda yokhumudwa amafooka, manja amalemera, ntchito imatsika. Akufuna ndimusonyeze mayi m'modzi, mwatsatanetsatane, amene anadwala kwambiri koma ntchito yake osatsika. Akufunanso zaka zake, ana ake, ntchito ya mwamuna wake, ngakhale mpingo wake.

Mayi ameneyo ndili naye, achemwali, ndipo ndi inu. Chaka chija munabereka Ben, mutabwerera kumunda, munaposa gulu lonse pa makilo mpaka a manijala anakupatsani bulangete lofiira lija pamaso pa anthu. Tonse tinakondwa. Mayi anavina, ine ndinauza anzanga kuti mlongo wanga ndi chitsulo. Patapita milungu yochepa tinakutengerani kwa Mayi ku Goliati, n'kumauza anthu kuti ndi bipi.

Zimene munawauza a Mildred ndinaziwerenga, popeza wolemba pepala ndine. Munati manja ankathyola okha inu kulibe, dengu limadzadza osadziwa kuti ladzadza liti. Munati munkathamangira kutsogolo kwa mzere kuti anzanu asaone kuti mukulira, ndipo makilo aja anachokera pamenepo. Munatinso nthawi yoweruka ikakwana munkaopa kubwerera kunyumba, chifukwa mwana akalira mumamva ngati akulira ndi wa eni. Ndinatseka kompyuta tsiku limenelo, ndinalira. Ndinalipo nthawi yonse ija, ndine wachipatala, koma ndinali nawo m'gulu loombera m'manja bulangete.

M'pepala loyamba nkhani ya bulangeteyi sindinaikemo. Tsopano a Profesa akuti ndiike, chifukwa ndi umboni umene palibe angautsutse. Akuti dzina lanu mulibe, dzina la esiteti mulibe, mwangolembedwa nambala, ndiye vuto lili pati. Ndinawayankha mwaulemu kuti kwathu dzina ndi chinthu chimene sichigwira ntchito kwenikweni. Ndani pa layini ya nyumba za antchito paja amakuitanani kuti a Sellah? Ndinu amake Triza, akazi awo a bambo a ku fakitale, aja amayambitsa nyimbo ku chigwirizano, aja analandira bulangete ali ndi khanda kumsana. Ukachotsa dzina pa munthu wa pa esiteti sunachotse kanthu. A Profesa anati zimenezi sanaziganizepo.

Ndinayesa kuganiza zosintha, kuti mwina ndilembe wailesi m'malo mwa bulangete. Sizithandiza. Mayi wa khanda amene anaposa gulu lonse alipo m'modzi yekha m'mbiri ya dera lathu lija, ndipo kusintha zambiri ndiye kunama, chinthu chimene mu ntchito imeneyi munthu amathera pomwepo.

Mwina mukuti ndani ku Thyolo angawerenge Chingerezi cha madokotala. Jenalayi imaikidwa pa intaneti, aliyense amatsegula ulere. A ku kiliniki ya pa esiteti adzaiwerenga, ndipo n'chimene ndikufuna. Koma woopsa weniweni ndi msuweni wathu Anderson. Tsiku limene pepala lidzatuluke, iye adzaliponya pa gulu la mpingo, la mpira ndi la anzathu a ku pulayimale, ati onani mwana wa kwathu wagwedeza dziko. Sadzachita mwa njiru, adzachita mwa chikondi. Ndipo pa magulu amenewo sipalephera mphunzitsi m'modzi wowerenga mpaka kumapeto n'kuyamba kumasulira anzake.

Apa ndiye pali Triza. Chinkhoswe chake ndi Benard chili mu Okutobala, ndipo abale ake a kwa Changata aja mukuwadziwa. Mnyamatayo ndi wabwino, koma azakhali ake aja amafufuza banja ngati akugula ng'ombe. Ine ndikudziwa, ndipo ndikhoza kuima paliponse n'kunena, kuti imene munadwala ija ndi nthenda ngati ina iliyonse, imagwira amayi ambiri, munalandira chithandizo ndipo munachira. Koma iwo sadzanena choncho. Adzangoti m'banjamo muli misala, ndi zakumtundu, mwana wathu asalowemo. Mawu amenewo akatuluka sabwezeka, ndipo wodzawasenza ndi Triza amene sakudziwa n'komwe kuti ku Goliati kuja simunapitire bipi.

Ndiye mwandiona, achemwali. Mbali ino ndine wolemba pepala amene akufuna umboni wake. Mbali inayo ndine malume wake wa Triza, amene ndidzakhale kutsogolo pa chinkhoswe. Mapanga awiri avumbwitsa, n'chifukwa chake ndasankha kale pamene ndingathe kusankha ndekha. Ndawalembera akonzi a jenala kuti zaka, mpingo ndi ntchito ya mwamuna sindidzaika, ndipo ndafotokoza chifukwa chake. Ndawauzanso kuti pali umboni wina umene sindingautulutse mwini wake asanafunsidwenso. Avomera, ndipo andipatsa mpaka kutha kwa Ogasiti.

Musade nkhawa za ine. Pepalali n'lolimba ngakhale popanda bulangete. Ndili ndi mawu a amayi ena onse aja, ndipo ndikhoza kuphatikiza makilo awo pamodzi osaonetsa munthu. Wachiwiri uja mwina ang'ung'udza, mwinanso akana. Akakana, majenala alipo ena, ndidzayambiranso, gauni ndidzavala chaka chamawa m'malo mwa chaka chino. Palibe amene anafa chifukwa chochedwa kuvala gauni.

Komanso sindikubisirani mbali inayo, chifukwa mungadzandinene kuti ndinakusankhirani. Nkhani yanu ikalowa, pepalali lidzaluma. Namwino amene wawerenga za mayi wolandira mphoto ali pakati pa matenda sadzafunsanso funso lija mwachizolowezi. Pali mtsikana wina lero lino amene akuthamangira kutsogolo kwa mzere, ndipo kapitawo akumuyamikira. Zimenezo n'zoona, za Triza n'zoonanso. Ine sindingakuyezereni kuti cholemera n'chiti, chifukwa nkhaniyi ndi yanu.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo muliwerenge modekha. Chimwalirireni amalume, mwini mbumba ndine, ngakhale munandibereka kumsana ndi inu. Ndaona kuti kuyambira nthawi imeneyo simunandikanepo kanthu. Ndikanena kuti Ben asinthe sukulu, mumati chabwino achimwene. Ndikanena za munda wa ku Goliati, mumati mwanena ndinu. Ndikudziwa kuti nditakuimbirani foni lero n'kufunsa za bulangete, mudzati lembani achimwene, musanaganize n'komwe. A jenala akhoza kulandira inde ameneyo, pakuti iwo amangoona siginecha. Ine sindingamulandire, chifukwa ndikudziwa kumene wachokera.

Choncho musandiyankhe ine. Musandiimbire za nkhaniyi, musandilembere. Ngati mwaganiza mofatsa, mwina mwakambirana ndi alamu ngati mukufuna kutero, ndipo mtima wanu wanena kuti nkhaniyi ituluke, pitani kwa a Mildred. Adzakuwerengerani m'Chichewa ndime yonse mmene ndailembera, liwu ndi liwu, ndipo chimene simukuchifuna mudzachotsa. Iwo ndiwo adzandiuze.

Ngati simukufuna, musapite kulikonse. Musafune chifukwa, musapepese, pitirizani kukonzekera chinkhoswe. Kwathu timati munthu akakhala chete ndiye kuti wavomera, ndipo akazi ambiri alowetsedwa m'zinthu ndi mawu amenewo. Pa nkhani iyi yokha tatembenuza. Ogasiti akatha a Mildred osandiuza kanthu, ndidzadziwa kuti mwakana, ndidzachotsa ndimeyo n'kutumiza pepala langa. Ndikadzabwera mu Okutobala sindidzakufunsani, ndipo simudzaona kanthu pa nkhope panga.

Mundiperekere moni kwa Mayi ku Goliati, muwauze kuti ndikudya bwino ndipo sindinaonde. Za kalatayi musawauze, chifukwa adzakuuzani kuti mumvere achimwene anu. Moni kwa alamu anga a Jonas, kwa mphwanga Ben amene ndamva kuti masamu ayamba kumukonda, ndi kwa Triza, mumuuze kuti malume ake suti agula kale ndipo asayerekeze kusintha tsiku. Moni kwa azakhali a Teleza ndi onse a pa layini. Anderson mumupatsenso moni, koma kalatayi ayione patali.

Tsalani bwino, achemwali. Kale ndikalakwa munkanditsina khutu osayamba mwafunsa kuti mwamuna m'banjamo ndani. Mlongo ameneyo ndi amene ndamulembera kalatayi, ndipo akandikana ndidzadziwa kuti akadalipo.

Ine mlongo wanu,
Gracious